Nsalu Imene Ndinaitaya pa Parnell

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Dublin tilipo, kungoti ntchito zikutha ngati nthabwala. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuja anandichepetsera masiku. Kumudzi, mkazi wa achimwene wachira, mwana wamwamuna, ndipo akuti mtedza wachita bwino m'munda mwanu munatisiyira muja.

Koma ine ndili ndi manyazi, amayi.

Mdzukulu wanu Tamandani wakula, ndipo kulimba mutu anatengera inu. Mnzake wa kusukulu kwawo n'ku Leitrim, dera la alimi, kumene kampani ina ikufuna kubowola nthaka, kupoperamo madzi a mankhwala kuti mwala usweke, gasi atuluke. Alimi akuopa kuti zitsime ziipa, ng'ombe ndi ana n'kumamwa zomwezo. Loweruka anthu anaguba muno mu Dublin kukana zimenezi. Tamandani analemba mawu pa nsalu yaitali yofuna anthu awiri, iye mbali ina, ine mbali ina.

Tinayenda bwinobwino mpaka pa msewu wa Parnell. Kenako ndinaona munthu wa kamera akutilozetsa. Mtima unangoti phaa! Mapepala anga okhalira kuno sanatulukebe, ndiye ndinati nkhope yanga ikaoneka pa kanema, aboma anditenga ngati wovuta. Ndinataya nsonga yanga n'kulowa m'shopu ya zakwathu, n'kumagwiragwira mapaketi a usipa ngati ndikugula. Pawindo ndinaona nsalu ikukwekwereka m'madzi a mvula, mwana akucheukacheuka, mpaka mlimi wina wokalamba anawerama n'kuinyamula.

Ine mwana wanu, ati! Inu amene a ku esiteti atatsukira mankhwala a fodya mumtsinje, munapita nokha pageti ndi chidebe cha nsomba zakufa pamutu. Munkati, "Madzi alibe mwini, woipitsa waipitsira tonse."

Tamandani ndinakumana naye pokwerera basi yobwerera kunyumba. Paja mwanayu amandiyankha m'Chingerezi ngakhale ndimukalipire chotani, koma titafika pakhomo anati, "Palibe kanthu, amayi, ndamva kuti mumaopa." M'Chichewa chosalala, amayi. Bola akanandinyoza.

Akuti mwezi wamawa agubanso. Tamandani sanandipemphe kudzagwira nsalu, wapempha mayi wa mnzake uja. Ndikulonjezani kuti ndidzapita ndithu, ndipo akadzakana kundipatsa nsonga ya nsalu, ndidzayenda pambuyo pake nkhope ili poyera.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati