Utale wa pachulu cha m'munda

Lachinayi, mkati mwa Disembala. Kwacha ndi mvula yowaza, mtima wanga uli m'mwamba.

Dzana Anabanda, akazi anga, anabwera kuchokera kumsika wa Kamwendo ndi botolo la mankhwala. Akuti athire pachulu cha m'munda mwathu chifukwa chiswe chadya mizati ya nkhokwe. Kudya chadyadi, sindikana. Koma chulu chimenecho ndinachipeza pobwera kudzakwatira kuno, ndipo sichinandimanepo ndiwo. Chiswe chimatutira udzu pansi kukalima bowa wake, bowayo n'kumachidyetsa, ife timangozula wotulukira pamwamba. Ngumbi nazo zimachokera momwemo. Ukapha mlimi, udzakolola chiyani?

Ndinawauza zimenezi. Iwo amvekere, "Aphiri, nkhokwe ikagwa mudzadya chulucho?" Paja munda ndi wakwawo. Ine ndine mkamwini, ngakhale imvi zili mbuu.

M'mawa uno ndapeza utale waukulu ngati chipewa utatuluka pachulupo. Ndauzula n'kuusiya pakhonde. Kupepesa ayi, ndalakwa chiyani? Masana Anabanda auphika ndi nsinjiro. Adya, anyambita zala, mpaka kukokota poto, nkhalamba yopanda manyazi! Akusamba m'manja akuti, "Mawa mukadule mizati ina, muipake oyilo wakuda. Musandiyang'ane choncho."

Botolo lija ndaliona atalisomeka kutsindwi, losatsegula. Sindinafunse. Msana ukuwawa, koma nkhwangwa ndanola kale. Ndilawirira, asanasinthe maganizo, poti mayi amenewa ndikuwadziwa ine, akangoona chiswe chimodzi pakhomo pano...