Tiwashala Tisanu pa Waya

Nkaya,
P.O. Balaka.
21 Ogasiti, 1983.

Okondedwa mwana wanga Abdulaziz,

Salaam aleikum. Ndine bambo anu, Sufiyani. Keyala yanu ndaipeza kwa Elliam, mwana wa mnansi wathu a Blasius, amene amayendetsa lole. Akuti anakuonani ku Lilongwe muli pansi pa galimoto m'galaja, ndipo akuti muli ndi mkazi ndi ana awiri. Mulungu awasunge. Kuno tilipo. Mvula chaka chino inadula msanga, chimanga tapeza chochepa, koma chinangwa chatithandiza. Thonje tagulitsa. Mtengo wa bwemba wa kuseri kwa nyumba unagwa ndi mphepo. Amayi anu akuyenda ndi ndodo yomwe ija.

Sindinazolowere makalata. Iyi ndaiyamba Lachisanu, lero ndi Lamulungu. Nkhani yake ndi ya njinga yamoto.

Mukuikumbukira. Ndinaigula kwa mmwenye wa sitolo ku Balaka chaka chimene mbendera inasintha, inu muli ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ulendo woyamba munakhala pa thanki, manja anu ali pamwamba pa manja anga, amayi anu kumbuyo atafukata dengu la nkhuku. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinadutsa Ntaja, mpaka kwawo kwa amayi anu ku Ngokwe. Ana a m'midzi ankatithamangira akukuwa kuti, "Mthuthuthu! Mthuthuthu!" Inu munkawabayibitsa ngati bwanamkubwa. Pa Ntaja tinkaima kugula nzimbe, ndipo munkatafuna mpaka madzi ake kuyenderera pa thanki, ine ndikukalipa. Tikafika, fumbi lofiira lili mpaka m'nsidze, agogo anu ankati satidziwa kufikira titasamba. Mutakula ndinakuphunzitsani kuyendetsa pa bwalo la mpira. Tsiku loyamba munagwetsa nkhokwe ya a Blasius, koma mwezi usanathe munkakhota bwino kuposa ine. Zimenezi sindinakuuzeni. Maulendo amenewo tinayenda zaka khumi, ndipo anali abwino.

Mukudziwa kuti mashokapu a kumbuyo, amene amameza mabampu, sindinkapita nawo kwa munthu. Ku ntchito ya njanji ndinaphunzira kuti chimene munthu anamanga, munthu angamasule. Chaka ndi chaka, mvula ikatha, tinkayala chiguduli pansi pa bwemba uja. Sipuling'i ndinkaifinya pa vaisi, chopanira chathu chija, n'kuimanga. Ndikamasula chivundikiro, ndodo yachitsulo inkatuluka ndi pisitoni yake ya tibowo, pamodzi ndi tiwashala tisanu topyapyala ngati chikhadabo. Kakakulu kamagona pa tibowo, tinzake n'kumatsatana mpaka kakang'ono. Timeneti ndi timene timagwira oyilo kuti adutse pang'onopang'ono, njinga ikagunda bampu isadumphe ngati mbuzi. Ndinkatitunga pa waya monga mmene tatulukira, ndipo wina aliyense sankaloledwa kutikhudza. Ntchito yanu inali imodzi: kuthira oyilo ndi kapu yachitsulo ija imene ndinaikanda mzere ndi msomali.

Tsiku lija la mu 1974 tinkakonzekera ulendo wa ku sadaka ya agogo anu. Shokapu ya kumanzere ndinamaliza. Ya kumanja ndinali nditangomasula pamene mwazini ku mzikiti anaitana swala ya madzulo ya Aswiri. Poopa nkhuku, ndinapinda waya nsonga zonse ziwiri, ndinauponya m'thumba la malaya, n'kupita ku mzikiti. Pobwera ndinapeza a Blasius atakhala pa mpando wanga.

"Che Sufiyani," anatero, "ku Ngokwe mukafika chaka chino, kapena tingodikira sadaka yanu yomwe?"

"Inu a Blasius, yanu yakapalasa ija ilibe ndi mabuleki omwe. Mumaima ndi chidendene."

"Koma imafika."

Ndinawongola waya, ndinayamba kumanga ndikuyankhana nawo. Inu munaima pambali, kapu ili m'manja. Munati, "Ababa, kodi mwayambira mbali yake?"

Ndinati, "Iwe ntchito yako ndi oyilo. Unabadwa liti kuti undiphunzitse chitsulo?"

A Blasius anaseka. Inu munathira oyilo, ine ndinatseka.

Zotsatira mukuzidziwa, koma ndizilemba kuti zikhale papepala. M'mawa mwake tinanyamuka awiri, ine ndi amayi anu, inu mutatsala pakhomo. Titadutsa Nselema, pamene msewu uli ndi mabampu otsatana, njinga inayamba kudumpha kumbuyo. Bampu lachitatu linawaponya amayi anu m'ngalande. Fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo anagona m'chipatala ku Zomba miyezi itatu. Nditabwerera kuno, anthu atadzaza pakhonde kudzazonda, ndinakuitanani pamaso pa onse. Ndinati munathira oyilo wochepa chifukwa cha ulesi. Ndinati mwalumaza mayi wanu. Munati, "Ababa, titsegule tione." Ndinakumenyani khofi. Ndinati m'nyumba mwanga simudyera munthu wotsutsa bambo ake. Munakwera sitima ya Lachiwiri. Njinga ndinaikankhira m'shedi, ndinaifunditsa masaka, ndipo zaka zisanu ndi zinayi sindinaivundukule.

Mwezi wathawu kunabwera uthenga wakuti amayi anu aang'ono ku Ngokwe akudwaladwala. Amayi anu anati akufuna kukawaona. Ndinati tikwere basi.

"Basi imatisiya kutali," anatero. "Kuchokera pamenepo mukandibereka?"

Ndinati njinga ija inafa.

"Iyayi, sinafe. Munaifunditsa nokha ngati mwana wa malungo. Che Sufiyani, ine ndinagwa kamodzi, ndipo ndinadzuka. Inu mukuopa chiyani m'kati mwa chitsulo chija?"

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala nawo amayi anu a Lukiya, sanandiyankhulepo chotero. Kutacha ndinachotsa masaka.

Makoswe anadya chishalo. Matayala anaphwa n'kung'aluka. Zimenezo ndi zazing'ono. Ndinayala chiguduli pamene panali bwemba, padzuwa. A Blasius anabwera osaitanidwa, monga mwa khalidwe lawo. Mano anawatsalira atatu, koma pakamwa sipanachepe.

"Mwafukula maliro, Che Sufiyani?"

"Gwirani vaisi, musiye kulongolola."

Manja anga sagwiranso ngati kale. Sipuling'i tinaifinya awiri, tikupumira. Kapu ija ndinaipeza pa mtanda wa denga, pamene munaisiya. Ndinatsegula shokapu ya kumanzere, ndinakhuthulira oyilo m'kapu. Anali wakuda, koma anafika pa mzere. Ndinatsegula ya kumanja. Ndinadikira mpaka dontho lomaliza. Anafika pa mzere.

A Blasius anasuzumira m'kapu, anandiyang'ana, sananene kanthu. Chiwadziwireni, aka kanali koyamba.

Kenaka ndinasolola ndodo. Kawashala kakang'ono ndi kamene kanagona pa pisitoni, kakakulu kali kumapeto. Tibowo tinali poyera, oyilo ankangodutsa ngati madzi m'dengu. Waya uja ndinauwongola nsonga yolakwika. Munaona, munanena, ine ndinakutsekani pakamwa chifukwa mnzanga anali pomwepo.

"Mwana uja anafunsatu," anatero a Blasius chapansipansi. "Ine ndinangoseka."

Ndinawauza kuti kuseka sikumanga washala. Ndinamanga ndine, ndi manja awa.

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Tili m'ngalande muja, ndikudzutsa mutu wa amayi anu, funso lanu linandibwerera m'khutu. Pamene munati titsegule tione, ndinakumenyani chifukwa ndinkaopa kuti mukunena zoona. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinangokana kuona.

Tiwashala ndinatitenga m'dzanja kukawaonetsa amayi anu. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Sanayang'ane n'komwe. Anati, "Mukuonetsa ine? Amene munam'menya ali ku Lilongwe."

Lachisanu, swala itatha, ndinaima pakhomo pa mzikiti anthu asanavale nsapato. Ambiri amene anali pakhonde tsiku lija anamwalira, koma ena alipo. Ndinawauza kuti mwana wanga Abdulaziz sanalakwe, oyilo anali wokwana, wolakwa ndine. Ndinanena kawiri kuti a kumbuyo amve. Ndinakunyozani pagulu, choncho sichikanakhala chilungamo kukuyeretsani m'kalata mokha.

Tsopano ndikupempha kwa inu. Mundikhululukire. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa munthu wobadwa pambuyo panga, ndipo sindidziwa kuwakometsera. Ngati mtima wanu ukana, sindikudzudzulani. Zaka zisanu ndi zinayi si fumbi lokuntha ndi dzanja. Koma amayi anu sanakulakwireni. Sitima yochokera ku Salima ikalira, amasiya chimene akuchita, n'kupita kumpanda ngati akufuna chinthu chimene anayanika. Nthawi zambiri amandipeza ndili komweko, ndikuona ngati chiswe chadya nsanamira.

Zina zonse za njinga ndakonza. Elliam wandipezera matayala. Chishalo ndasoka ndi chikopa cha mbuzi. Malabala otsekera oyilo ndadula atsopano. Tiwashala ndatsuka m'palafini, ndapukuta, ndamanga kuyambira kakakulu. A Blasius ankawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu, ndipo sindinawaletse. Koma maso anga sakuonanso bwino msewu, ndipo amayi anu anena kuti sadzakweranso kumbuyo kwanga. Pamenepo sindiwatsutsa. Pafunika woyendetsa.

Idi yozinga mbuzi ili pakati pa mwezi wamawa. Tonde ndasunga. Mukamabwera, mubwere ndi mpongozi wanga ndi ana. Maina awo sindiwadziwa, mundilembere kuti ndiyambe kuwazolowera. Khadi la chipani musaiwale, pa siteshoni akufunsa. Kuno kwayamba kutentha, ana muwatengere zipewa.

Amayi anu akupereka moni. Akuti ndilembe kuti mphasa yanu anaisunga, ndipo akuti ndisachotsepo liwu. A Blasius akupereka moni, akuti za kuseka kuja adzapepesa okha pamaso panu. Mupereke moni kwa a m'nyumba mwanu onse.

Mashokapu onse awiri ali pa tebulo m'chipinda chanu, osatseka. Kapu ili pambali pake, ndaitsuka, mzere ukuonekabe. Oyilo ndagula ku Balaka, ali m'botolo. Sindinathire. Ntchito imeneyo ndi yanu.

Ndine bambo anu,
Sufiyani Bakari.