Chinkhoswe cha Dalitso Chisadikire Viza

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu. Kunja kuno ku Nechells tilipo, kungoti BP yangayi yakweranso.

Akuluakulu a asilikali akuti anyamata achepa ku nkhondo yosatha ija, ndiye gulu la Dalitso wanga likubwererakonso mwezi wamawa. Lamulungu anabwera ndi chibwenzi chake, Tadala, yemwe tsopano ndi woyembekezera. Ndinayamba kukalipa monga mundidziwira, koma iye anangoti, "Amayi, ndikufuna ndisiye mkazi wodziwika kwathu. Zikakavuta uko, Tadala asadzakhale mlendo pamaliro anga." Mtsikanayo anangomugwira mkono, maso ali pansi.

Inu munati chinkhoswe chidikire mpaka mudzapeze viza. Achimwene, ine sindibisa mawu: nkhondoyi sikudziwani kuti ndinu malume. Lolani a Mbewe a kutchalitchi kwathu akuimirireni, inu mudzalankhule pa foni. Mukakana, ndidzakhala ndekha pampando wanuwo, akuchikazi aseke mmene angasekere.

Chonde yankhani msanga, ndipo Dalitsoyu muzimutchula dzina m'mapemphero. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda