Uwauze Abambowo Asiye Makapisozi

Lolemba, 2 Juni 2025

Makilo 55. Ndadzipachika pa mbedza ya sikelo ya mtedza masana, abwana anga a Suleman atapita kumzikiti. Mu Febuluwale ndinali 64. Thumba likapepuka chonchi pa depoti pano, mlimi timamubweza nalo.

Lamba ndaboolanso ndi msomali. Bowo lachiwiri.

Taifodi inatha mu Epulo. Mankhwala a kuchipatala maulendo awiri, onse ndinamaliza. Koma m'mimba simunakhazikike. Kubangula, kutsegula, kubangulanso. Ndagulanso makapisozi pa kantemba, kagolosale ka m'komboni. Paketi yachitatu kapena yachinayi, kaya. Ndikufuna nditsukemo, muyere ukwati usanafike. 16 Ogasiti.

Edita, amene ndikukwatirayo, akuti ndikadali wooneka bwino. Amanama mokoma mtsikana ameneyu.

Lachinayi, 5 Juni

Nkhani yoipa. Ankhoswe anga, amalume a Bwezani, anabwera ku depoti. A Alfonsi, malume ake a Edita, akana kuti maina athu apite kuparishi. Mawu awo: "Mnyamatayu waonda maningi. Ayambe wabwerera thupi, tione." Ankhoswe adzakumana pa 19 Julayi. Maina akapanda kulengezedwa m'tchalitchi pa 20, za Ogasiti zafa.

Ndikudziwa chimene akuganiza. Komboni yathu yonse ya Nabvutika ikuganiza chomwecho. Ndinayezetsa magazi kawiri, mapepala ali m'Baibulo. Koma anthu sawerenga pepala, amawerenga mafupa a pakhosi.

Ndakwiya. Ndadya mabanzi asanu ndi limodzi ndi chipisi. Zonse zadutsa ngati basi ya ku Lusaka.

Lamulungu, 8 Juni

Kwawo kwa Edita titaweruka ku Misa. Monga mwa mwambo: ine pa mpando pansi pa mpapaya, apongozi aNambewe pakhonde, atandifulatira. Chaka ndi theka sitinayang'anane m'maso. Sindinadyepo iwo akuona. Tikakumana panjira amapatuka, ine n'kuvula kapusi, maso m'dimba la eni.

Potulutsa mpango, paketi ya makapisozi ija inagwa. Edita anatola. Mayi ake anatambasula dzanja cham'mbuyo osacheuka. Anagwira ntchito zaka 22 kuchipatala, kukolopa ndi kusambitsa odwala. Si anesi, koma palibe chimawadutsa.

Kenako mafunso, onse kudzera mwa Edita, ine ndili pomwepo. "Edita, uwafunse abambowo, kuseri amapita kangati pa tsiku?" Thukuta mu Juni. Edita kuseka mpaka misozi. Ndinati kanayi, mwina kasanu. Zamadzi? Inde. Magazi? Ayi. Makapisozi anandilembera ndani? Palibe. Ndinayankha zonse maso ali pa mapapaya.

Chigamulo: "Uwauze abambowo asiye makapisozi lero. Lachiwiri apite kuchipatala ndi paketi yomweyi." Paketi anasungitsa Edita, ati ine sindingadalirike nayo.

Manyazi, inde. Koma chiyambire Epulo aliyense amangondiyang'ana. Woyamba kundifunsa ndi munthu amene saloledwa kundiyang'ana n'komwe.

Lachiwiri, 10 Juni

Dokotala wachitsikana, wolankhula mofulumira. Atenga magazi, makhololo, chimbudzi. Ataona paketi imene Edita anabwera nayo anapukusa mutu.

Anati m'matumbo mwa munthu mumakhala tizilombo tosawerengeka, ndipo tambiri ndi tabwino. Timathandiza kugaya chakudya, timapanikiza toipa. Mankhwala opha tizilombo sasankha. A taifodi aja anali ofunika, anandipulumutsa. Koma a pa kantembawa akumalizitsa totsalato. Ine ndimati ndikutsuka m'nyumba, chonsecho ndikuthamangitsa antchito.

Jakisoni wonenepetsa palibe. Nyemba, masamba, zipatso, mkaka wosasa, pang'onopang'ono. Zikapitirira ndibwerere. Kuti thupi libwerere, masabata, mwina miyezi.

Miyezi. Ine ndili ndi masiku 39.

Edita atawafotokozera mayi ake, ati anangoti: "Chikho cha chambiko sitichitsuka ndi sopo. Ukachitsuka mkaka sugwira, umangowola." Sukulu analekeza giredi 4. Dokotala anatenga theka la ola, iwo mpweya umodzi. Mayi amenewa ndikuwaopa ndiponso ndikuwasirira.

Loweruka, 21 Juni

Zotsatira zonse zatuluka bwino. Sikelo: 55 ndi theka.

M'mawa uliwonse Edita amasiya dengu popita kuntchito. Chambiko m'kabotolo, thobwa, nyemba, nkhwani wotendera, mbatata, nthochi. Lero izi, mawa zina. Lamulo la apongozi: pang'onopang'ono, kasanu pa tsiku, osati kudya ngati wobwezera chipongwe. Sabata yoyamba mpweya unachuluka m'mimba moti a Suleman anatsegula zitseko zonse za depoti osanena kanthu. Munthu waulemu.

Ng'ombe alibe mayiwa. Lero ndi pamene ndamva kuti mkaka amakautenga okha kwa mlimi wina njira ya ku Mwami, pa njinga, chisanu chili m'maso, ndi bondo lawo lotupa. Ati wa m'sitolo sugwira bwino. Edita anawauza kuti azipita iyeyo, anakana, ati iye sadziwa kununkhiza mkaka.

Ndinakhala pa matumba kwa kanthawi. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka 9. Ndinali nditaiwala kuti zimakhala chonchi.

Lachisanu, 4 Julayi

Kuseri kamodzi pa tsiku, masiku asanu otsatizana. Sindinkadziwa kuti ndidzalemba zimenezi monyadira. Uthenga unapita kwa apongozi. Yankho: "Uwauze ndakondwa." Makilo 56.

Chiyeso lero. Sipho, mnzanga woyendetsa thiraki, anabweretsa mapiritsi onenepetsa ogula kumalire. Ati masabata awiri okha, masaya adzadza, a Alfonsi adzasowa chonena. Ndinayenda nawo m'thumba tsiku lonse, kumawagwiragwira. Poweruka ndinamuuza Edita. Chifukwa chake sindikudziwa, mwina ndazolowera kuulula. Yankho la mayi silinachedwe: "Uwauze kutupa si kunenepa."

Ndamubwezera Sipho. Wandiseka, ati ndalowa chikamwini ndisanakwatire. Aseke.

Lamulungu, 13 Julayi

56 ndi theka. Masiku asanu ndi limodzi.

Mphamvu zabwera. Thumba la makilo 50 ndikukweza ndekha. Koma nkhope ikadali yomwe ija. Kutchalitchi a Alfonsi anandipatsa moni maso ali pa kolala ya shati. Ndinavala majuzi awiri m'kati mwa jekete. Edita anazindikira, ati ndivule imodzi, ndikuoneka ngati kabichi.

Ndili ndi mantha. Akati chaka chamawa, Edita adikira, zimenezo sindikayika. Koma komboni yonse idzati zatsimikizika, ndipo iye azidzayenda ndi dzina limenelo kumsika. Mayi ake avutika masabata asanu, sikelo yawalipira kilo imodzi ndi theka. Ndikuchita manyazi ngati ndawabera.

Loweruka, 19 Julayi

Ndilembe ndisanaiwale.

Tinakhala panja kwawo kwa Edita. Amuna pa mipando, amayi pa mphasa kukhomo la khitchini. A Alfonsi sanazungulire: tidikire chaka chamawa tikakolola. Amalume a Bwezani anatulutsa mapepala a kuchipatala. A Alfonsi sanawagwire n'komwe. "Pepala sililima," anatero. Ine ndinaona kuti zatha.

Kenako aNambewe anadzuka pa mphasa. Pa nkhani za ankhoswe mayi wa mtsikana salankhula. Anabwera pakati, n'kukhala pansi moyang'anana ndi mchimwene wawo. Mawu awo ndawasunga:

"Achimwene, bambo ake a Edita munawakonda chifukwa anali ndi thupi. Miyezi isanu ndi umodzi akutsegula m'mimba, akumwa za pa kantemba, osauza munthu. Ine ndinkaona pochapa, koma ndinachita manyazi kufunsa. Pofika kuchipatala anati mwachedwa. Manyazi amenewo ndinakawasiya kumanda."

Edita anali ndi zaka 4 panthawiyo. Sankadziwa. Ndinamumva akupuma kumbuyo kwanga.

"Uyu ndinamufunsa zochititsa manyazi pamaso pa mwana wanga, anayankha zonse. Mnzake anamupatsa mapiritsi achinyengo, anadzaulula yekha. Woonda ine sindimuopa, achimwene. Ndimaopa wobisa."

A Alfonsi anazunguza chipewa pa bondo. Kenako anafunsa amalume kuti kodi ofesi ya parishi imatseka nthawi yanji Loweruka.

Ndinaganiza kuti basi. Koma mayi anatembenuka. Osati kwa Edita. Kwa ine. Maso awo ndi aang'ono, ofiirira, lina lili ndi kachipsera pachikope. Chaka ndi theka sindinkadziwa.

"Clement," anatero, "mwadya?"

Ndinatsegula pakamwa. Mafunso onse aja ndinayankha maso ali pa mapapaya, koma ili lokha ndinayankha ndikuwayang'ana m'maso: "Ndadya, mayi."