Pepala la Nyenyezi la Achimwene

Amayi, Lachisanu akubwera kudzanditenga, ndipo Esinati akadayamwa.

Kodi muli bwanji kumeneko? Pepani ndayamba chonchi. Esinati ndi mdzukulu wanu, anabadwa miyezi inayi titakuikani. Mphumi ndi yanu yomwe.

Nkhani ndi ya achimwene Lufeyo. Akadali kunja kuja, ku sukulu ya nyenyezi. M'kalata zawo amati kuli magulu ena a nyenyezi oyandikana ndi lathuli, ndipo m'menemo muli tinthu tina towala koopsa, koma kuwala kwake maso saona. Akuti ndi kuwala konga kwa ekisire, kuja anakujambulirani chifuwa kuchipatala. Kuwalako amakuona ndi makina amene ali mlengalenga. Chimene chimawalitsa choncho sanachidziwe bwino, ndiyo ntchito yawo.

Anatitumizira pepala lake, lamadontho akuda, ena atawazunguliza ndi inki, pambali manambala. Ine kunyada, ndinalimata pakhoma. Kuchigayo ndinauza amayi anzanga kuti mlongo wanga ali ndi makina oona zimene anthu saona. Paja munkandiuza kuti, iwe Nasiwe, pakamwa pako pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndi zomwezo.

Lolemba kunafika amuna awiri pa galimoto, mayina sanatchule. Anachotsa pepalalo, akuti ndi mapu, madonthowo ndi malo a boma, ozungulizawo ndi oti aphulitsidwe. Ndinati ndi nyenyezi, bwana. Wamtaliyo anaseka, akuti nyenyezi za manambala anaziona kuti. Bambo a Esinati anali atangofika kodula nzimbe, makala thupi lonse. Anawakweza osasamba. Munthu woti Chingerezi sawerenga, akafotokoza chiyani kumeneko? Ine anandiuza kuti Lachisanu ndikonzeke, ndikanene amene amatituma.

Makalata enawo ndatentha. Kulembera achimwene sindingathe, makalata amatsegulidwa panjira, ndingawaphetse. Nchifukwa chake ndalembera inu.

Pakomboni pano palibe akundipatsa moni. Mai Fatsani aja tinkabwerekana mtondo, akandiona pampopi amatembenuza ndowa nkubwerera. Sindikuwada, nawonso ali ndi ana. Akapitawo anena kuti nyumba ndi ya kampani, tituluke. Mapira kumunda kwanu ku Makhuwira ndamva kuti acha, mbalame zikungodya.

Zoti bambo a Esinati abwerera sindikuyembekeza. Otengedwa chotere sitimvanso za iwo. Inenso ndikapita ndapita. Koma mwanayu kumeneko sindipita naye, ndipo pano palibe angamulandire. Phala ndayamba kumuphunzitsa dzulo, akulavula.

Malume Thomu ndawatumizira mawu kawiri, ali chete, akuopa. Inu ankakumverani. Apitireni, Amayi, muwakalipire monga munkachitira muli moyo. Awoloke Shire mawa lomwe, abwere ndi azakhali ndi nsalu yoberekera. Asadikire Lachisanu. Ndikulonjeza kuti powapatsa mwanayo sindilira, kuti asandimve anthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nasiwe