Khutu lako silinapole

Mwana wanga Lusubilo,

Monire. Kuno ku Vinthukutu tili bwino, chifuwa changa chija chinatha.

Lamulungu ndinapita ku Uliwa, komwe netiweki imagwira, kuti tionane pa foni. Unati khutu lapola, wayambanso kusamalira odwala ku Ulayako. Koma ine ndinkawerenga. Unafunsa kuti "Mwati chiyani, adada?" kasanu, mutu utapendeketsa. Duku unamanga lophimba makutu, iwe amene duku sulifuna chibadwire. Ndikuganiza kuti munali thonje m'menemo, ukubisa mafinya poopa kuchotsedwa ntchito.

Pita kwa dokotala, usadzipatse wekha mankhwala. Unditumizire chithunzi cha khutulo chooneka bwino. Amayi ako sindinawauze, koma Loweruka likadutsa chithunzicho chisanafike ndiwauza, uyankhe kwa iwo.

Mulungu akusunge.

Ndine,
Adada ako