Mafoni Ogona pa Guwa

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira. Malaiti kulibe kuyambira m'mawa, ntchito yowotcherera yonse yaima. Tulo sitinathe, Loweruka ndinagona ku maliro ku Avondale, pa benchi, utsi m'maso.

Dzulo mkazi wanga Betty wabwerako ku tchalitchi chake cha ku Chelstone nkhope ikuwala. Ati mafoni adzozedwa. Mwambo watsopano wa mneneri wawo, Papa Jordan: Loweruka loyamba la mwezi aliyense asiye foni m'dengu pa guwa, loko atachotsa, kuti Mzimu ulowe bwino. Igone komweko. Lamlungu aitenge yoyera, akuba a pa intaneti sangaikhudzenso.

Loko atachotsa! Ine zaka zonsezi pa shopu yanga yokonza mafoni ku Kamwala kukuwa ngati wamisala: pini yanu musapatse munthu, ngakhale mwamuna wanu.

Sindinamuyankhe mkazi wanga. Tikayamba za tchalitchi timathera pa Lukonde, ndipo za mwanayo sitinakambepo chimuikire m'manda.

Wayankha ndi Dikoni Chaja. Tsamba langa la pa Facebook, loseka aneneri. Palibe adziwa kuti ndine, ngakhale Betty. Ndalemba kuti Mzimu Woyera mabandulo a intaneti amuthera, wabwera kudzabwereka kwa amayi a ku Chelstone. Mwezi wamawa tibweretse makiyi a nyumba, zitseko tisiye pululu. Ndinaseka ndekha polemba.

Lachitatu, 11 Juni

Yayaka. Tauni yonse ikutumizirana. Meshack, wa shopu yoyandikana ndi yanga, wogulitsa makava a mafoni, wandiwerengera ine mwini, misozi ikutuluka ndi kuseka. Ati "Ba Thandazani, uyu Dikoni ni chimuntu, akamba monga imwe." Ndinati ine ndilibe nthawi ya zopusa.

M'makomenti nkhondo. Theka akuti wanena zoona. Theka akuti usakhudze wodzozedwa, ufa mwezi usanathe. Kenaka anyamata a ku koleji alowa ndi zawo. Wina akuti iPhone singaberedwe, wina akuti Android ndiye ya anthu oganiza, atukwanizana mpaka azimayi awo. Nkhani ya dengu aiwala. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo anatsegulapo foni ndi manja ake. Ine ndinaphunzira pa mafoni akufa a pa msika wa Soweto, popanda mphunzitsi, zala kupsa.

Betty pa chakudya wandiyang'ana nthawi yaitali. Wandiwonjezera ndiwo.

Lachisanu, 13 Juni

Kalata. Ya loya wa Papa. Yabwera pa shopu penipeni, pamaso pa makasitomala. Dzina langa lonse, Thandazani Njobvu, "amene amadzitcha Dikoni Chaja."

Afuna ziwiri. Tsamba ndifafanize. Ndipo ndikagwade kutsogolo kwa mpingo, kamera ikujambula, ndipepese. Apo ayi, ku polisi, pa lamulo la za pa intaneti. Kuzunza munthu ndi kunyoza, ati.

Ndinamuuza wobweretsayo kuti akauze abwana ake kuti bondo langa limagwadira Mulungu ndi sikulu ya foni ikagwa pansi pa tebulo, basi. Anthu anaseka. Ine kalatayo ndinaipinda msanga, ndinaibisa m'thumba.

Andidziwa bwanji? Tsambalo lili pa foni yanga yakale yokha, ya m'dilowa kunyumba. Ku shopu sifika. Imelo yake yokha. Chithunzi changa palibe. Loko ilipo. Ndachita zonse zimene ndimalalikira anthu.

Betty ndamuuza kuti Dikoni ndine. Sanadabwe. Wangoti "Mukapepese, atate ake Lukonde." Ndatuluka.

Lolemba, 16 Juni

Ndamugwira Meshack pakhosi. Pakati pa msika. Ndimati ndi iye wandiulula. Walumbira pa ana ake. Tsopano sandipatsa moni, ndipo tcheni cha chitseko tinkagawana.

Ndafunsa m'gulu la okonza mafoni ngati kuti ndi za mnzanga. Aliyense katswiri. Boma limamva zonse. Ayi, ndi a netiweki amagulitsa maina. Ayi, akanaika VPN yomubisa. Wina wati Papa anaona m'masomphenya, ndipo sanali kuseka. Ndatulukamo m'gulumo.

Lamulolo ndaliwerenga pa foni mpaka mutu kuwawa. Chingerezi chokhotakhota. Mzere umodzi ukunditeteza, wotsatira ukundimanga. Kasitomala wina wa ku Woodlands, loya naye, wati mwina mungapambane, mwina ayi, koma poyamba akhoza kutenga mafoni ndi kompyuta ngati umboni, ndipo milandu siithamanga. Kompyuta ikapita ndidya chiyani?

Komabe sindigwada.

Lachinayi, 19 Juni

Kabulonga. Ofesi ya loya wa Papa. Amalume a Gilson andikakamiza, ati tikangomva. Avala jekete la ukulu wa mpingo. Kapinga wobiriwira mu Juni, ife ku Kabwata pampopi pali gwa.

Loyayo mayi, Barbara. Waulemu, ndiye zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinati mulibe umboni. Watembenuza kompyuta yake.

Chithunzi. Tsamba la Dikoni Chaja, koma mkati mwake, mmene amalionera mwini yekha. Si zojambula pa intaneti ayi. Munthu anagwira foni m'manja n'kuijambula ndi foni ina. Pakona pa galasi mng'alu wonga phazi la nkhuku. Ndiudziwa. Lukonde ndiye anaigwetsa pa sitepe.

Pansi pa foniyo, nsalu yofiira. Pambali, mkombero wa dengu.

Ndiye kuti anandidziwa ndisanalembe n'komwe za Papa wawo. Anangokhala chete kudikira.

Boma ayi. Netiweki ayi. Meshack ayi.

Amalume m'basi amalankhula, sindinamve kalikonse.

Lachisanu, 20 Juni

Sanakane. Usiku uja ndili ku maliro. Anaitenga m'dilowa, anaika m'dengu pamodzi ndi yake, Lamlungu anaibweza ndisanafike.

Ati amafuna mkwiyo wanga upemphereredwe. Ati ankandimva ndikuseka ndekha ndi foniyo, kuseka koipa, pamene ndi iye sindinasekepo zaka ziwiri. Za Dikoni sanadziwe, anazindikira pambuyo powerenga mawu anga.

Nanga loko? Ati "Ndinangoyesa kamodzi. Dzina la mwana."

Kamodzi. Ine katswiri wa pa Kamwala.

Pamenepo ndikanakhala pansi. Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinaimirira. Ndinati ndiwe chitsiru cha m'dengu. Ndinati wandigulitsa. Anangowerama. Ndiye ndinafunafuna cholasa kwambiri, ndinachipeza. Ndinati mwana unamupereka chimodzimodzi, thupi likutentha iwe uli naye ku mapemphero, chipatala n'kufika madzulo.

Sanalire. Anapukuta manja pa chitenje, analowa kuchipinda. Chikwama chimodzi. Wapita kwa mkulu wake Rhoda ku Chelstone.

Ndimanyadira kuti ndimanena zoona poyera. Izi sizinali zoona. Dokotala anatiuza tonse awiri, titakhala pa benchi limodzi, kuti ngakhale tikanafika m'mawa sizikanasintha. Ndinamva. Iye adziwa kuti ndinamva.

Lamlungu, 22 Juni

Nyumba zii. Mswachi wake ulipo. Nsapato za ku tchalitchi palibe.

Ndaimba. Sayankha. Ndaimbira alamu a Rhoda. Ati "Mulamu, musiyeni apume. Pakamwa panu pali lumo."

Ndapita ku tchalitchi chathu cha Reformed, koyamba chaka chino. Ndakhala kumbuyo. Nyimbo zomwe zija za amayi. Potuluka mkulu wina wandigwira dzanja mobisa, ati Dikoni ananena zoona. Mobisa. Onse amakonda zoona zikanenedwa ndi pakamwa pa wina.

Amalume akuti gwada, mlandu uthe, mkazi aone kuti waphwa. Ati ukagwada pa guwa la tchalitchi chake wagwadira Betty. Mwina.

Lendi yayandikira. Makasitomala achepa, ena akuopa kuti mafoni awo atengedwa pamodzi ndi anga.

Lachinayi, 26 Juni

Dikoni Chaja wafa lero. Ndafafaniza. Foni inafunsa ngati ndatsimikiza. Inde.

Tsamba lisanazime ndinawerenga makomenti omaliza. Akuti limba, tili nawe, usagonje, ufulu wolankhula. Mmodzi ali ku Canada. Wina chithunzi chake ndi mkango. Pa shopu sanabwerepo ndi mmodzi.

Mayi wina wa mpingo wa Papa wabwera ndi foni. Ndalama za pa foni zachoka, sadziwa bwanji. Ndinafunsa ngati inagona m'dengu. Inde. Koma akuti ndi mdzukulu wake ayenera kuti anaba. Sindinganene kuti ndi a dengu, sindinaone. Ndamusinthira pini, ndatseka pakamwa. Ndayamba kale kugwada.

M'foni yakaleyo mwatsala mavidiyo a Lukonde okha. Akuimba m'bafa, sopo m'mutu. Anthu aja anaonera? Anaseka? Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukasanza.

Lolemba, 30 Juni

Ndinagwada dzulo.

Tenti yaikulu, zokuzira mawu zogonthetsa. Anandipatsa pepala. Ndinawerenga monga analembera: ndinagwiritsidwa ntchito ndi mdierekezi, ndinanyoza munthu wa Mulungu. Papa anandiika dzanja pamutu. Lonunkhira mafuta odula. Anakankha kuti ndigwe chagada. Sindinagwe. Anakankhanso. Ndinagwa.

Mpingo nthungululu. Betty anali mzere wachitatu, duku loyera. Maso pa mawondo ake nthawi yonse. Potuluka ndinamufunafuna, anali atapita.

Mlandu watha, loya watero.

Vidiyo ili paliponse. Aja a "tili nawe" ndiwo akuseka kwambiri. Aika nyimbo, ndikugwa ndi kugwanso. Akuti Chaja yapsa. Akuti anamulipira. A iPhone ndi a Android agwirizana koyamba: ndine wamantha.

Kondakitala wa basi wandizindikira. Ati "Ba Dikoni, nkalani bwino, mungagwenso futi." Sindinamutukwane. Mphamvu ndilibe.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndapita ku Chelstone ndi shuga ndi buledi. Alamu a Rhoda andilandira pa geti, osandilowetsa. Makatani a chipinda cha kumbuyo anagwedezeka.

Ndinati ndachita zonse. Tsamba, bondo, pepala, kugwa. Afuna chiyaninso?

Analowa, anabwerako. Ati Betty akuti, "Apepesa kwa amene sanawalakwire."

Ndinaima pamenepo ngati mtengo wa malaiti. Mkwiyo unakwera, mawu anali okonzeka. Ndinawameza. Buledi ndinabwerera naye, ndinaiwala kupereka.

Betty akunena zoona. Papa sindinamulakwire, mpaka lero ndikuti dengu lija ndi uchitsiru. Kwa iye kunali kosavuta, mawu anali a pa pepala. Kwa Betty palibe wondilembera.

Meshack ndamupepesa. Wangoti zilibe kanthu, osandiyang'ana.

Lachisanu, 4 Julayi

Ndayesa kulemba uthenga. Ndafafaniza. Ndayesanso. Zikumveka ngati kalata ya ku ofesi. Kutukwana kumatuluka kosalala, izi zikukakamira.

Ndinati ndisinthe loko ya foni yakale. Ndinalemba mawu atsopano, aatali, manambala ndi zizindikiro, monga ndimaphunzitsira. Inati bwerezani. Chala chinalemba Lukonde. Ndasiya momwemo.

Sopo watha. Sindidziwa amagula kuti wotchipa uja.

Loweruka, 5 Julayi

Ndatseka shopu masana. Ndakhala pa sitepe yomwe ija. Kulemba ndalephera, ndiye ndajambula mawu.

Ndanena zonse. Kuti ndinanama. Kuti dokotala ndinamumva. Kuti mwana anafera m'manja mwa mayi wabwino. Kuti ndimamuonera pa vidiyo ya m'bafa muja iwe ukagona, ndipo sindinakuitanepo kuti tionere limodzi. Dzina ndalitchula mokweza, koyamba. Ndinalira ngati ng'ombe, mawu osamveka bwino. Sindinamverenso, ndikanafafaniza. Ndatumiza.

Yafika. Posakhalitsa yaonetsa kuti yamvedwa.

Wamva! Ndinasesa nyumba. Ndinasintha zofunda. Ndinagula sopo wodula.

Yankho palibe. Dzuwa litapendeka ndinalephera kupirira, ndinaimbira alamu. Ndinati mufunseni chabe ngati pali mawu, uthenga wanga waumva.

Alamu ati "Uthenga uti, mulamu? Betty alibe foni lero. Anakaisiya ku tchalitchi m'mawa. Si Loweruka loyamba?"

Ndayang'ananso. Pansi pa dzina la Betty paoneka kuti wina akulemba. Wasiya. Wayambanso.